Chimbale cha OFF! n'chabwino, koma m'sitolo imene ndinachigula sindidzapondamonso

Ndinalipira mapaundi 16 pa chimbale cha nyimbo 16 chimene sichikwana n'komwe mphindi 16, ndipo ndalamayo sindikanaidandaula pakanapanda khalidwe la mnyamata wina wogulitsa m'sitolo ya malekodi kuno ku Manchester, kumene ndakhala ndikugula kwa zaka zitatu. Chimbalecho ndi cha gulu la OFF! la ku Los Angeles, loimba nyimbo za hardcore (mtundu wa nyimbo za rock zothamanga ndi zaukali), chimene chinatuluka m'mwezi wa Meyi chaka cha 2012 ndipo chikudziwika ndi dzina la gulu lomwelo. Ndinachiitanitsa chisanatuluke, ndinapereka ndalamayo yonse, ndipo lisiti ndinalisunga.

Tsiku lokatenga nditatchula dzina la gululo, mnyamatayo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako anandilozera shelefu ya nyimbo za reggae ngati kuti ndasokera. Ndinamuonetsa lisiti, iye n'kutulutsa chimbale pansi pa tebulo osanena mawu ngakhale amodzi. Chikuto chake chinali chopindika pakona imodzi, koma ndinangouma mtima poganiza kuti chofunika ndi chimene chili mkatimo. Nditafika kunyumba ndinachipukuta bwinobwino, ndinatsitsa singano, ndipo nyimbo ziwiri zoyambirira zinayenda bwino. Pa nyimbo yachitatu singano inadumpha n'kukagwera m'nyimbo yachinayi. Nditachiyang'ana pa kuwala kwa pazenera ndinaona mzere wokalika, wautali ngati chikhadabo cha chala chachikulu, wodutsa mopingasa. Amene amadziwa nyimbo za mtundu umenewu amvetsa chimene chinandipweteka: pa chimbale chimene nyimbo zambiri zimatha mphindi imodzi isanakwane kapena itangokwana kumene, singano ikadumpha kamodzi ndiye kuti theka la nyimbo lapita.

M'mawa mwake ndinakwera basi n'kubwerera nacho. Mnyamata uja anachitembenuza uku ndi uku, n'kunena akuseka kuti pa phokoso ngati limeneli munthu angadziwe bwanji kuti singano yadumpha. Ananenanso kuti mwina singano yanga ndi yakutha, kapena ndinachikala ndekha pochitulutsa. Ndinamupempha mwaulemu kuti achiike pa makina a m'sitolomo kuti tonse timve, koma anakana ponena kuti makasitomala ena sangakondwe nazo, chikhalirecho m'sitolomo munali ine ndi bambo mmodzi yekha amene ankasanthula malekodi a jazz kumapeto. Ndinaima pamenepo pafupifupi theka la ola mpaka mwini sitolo atafika. Iwo anachiika pa makina, singano inadumpha pamalo omwe aja, ndipo anandilonjeza china. Ndinadikira masiku 12, osalandira foni imene anati adzandiimbira, mpaka ndinachita kupitako ndekha n'kupeza kuti chinafika kalekale. Mawu opepesa sindinawamve kwa wina aliyense.

Chimbale chachiwirichi chitalowa m'nyumba ndinali nditatsala pang'ono kudana nalo gulu lenilenilo, ngakhale kuti linalibe mlandu. Mkwiyowo unayamba kuphwa mbali yoyamba isanathe. Keith Morris, woimba wa gululi, anali ndi zaka 56 pamene chimbalechi chinkatuluka, koma akukuwa ndi ukali womwe uja umene tinaumva pa kachimbale koyamba ka Black Flag, gulu la ku Hermosa Beach limene iye anali woimba wake woyamba, ndiponso pa chimbale choyamba cha gulu lake lina la Circle Jerks cha mu 1980, chimene chinali ndi nyimbo 14 m'mphindi pafupifupi 15. Choncho kufupika kwa chimbale cha OFF! chimenechi si chinyengo ayi, ndi mwambo wa nyimbo za hardcore kuyambira pachiyambi. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mawu ake amamveka limodzilimodzi ngakhale akuthamanga chotero, pamene oimba ambiri a masiku ano amangobangula osamveka chimene akunena.

Gitala ya Dimitri Coats ndi youma, yopanda zokometsera, ndipo imaluma ngati mmene zinkamvekera nyimbo za ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mario Rubalcaba amamenya ng'oma mwamphamvu koma saphonya, ndipo ndi iye amene amachititsa kuti nyimbo ziime mwadzidzidzi onse pamodzi ngati galimoto yoponda mabuleki. Besi ya Steven McDonald, wa gulu la Redd Kross, imabisika pang'ono pa masipika anga aang'ono, koma pa mahedifoni imamveka bwino. Palibe nyimbo imene imayamba ndi mawu oyamba ataliatali, palibenso yozimirira pang'onopang'ono pomaliza. Ndinateleka madzi a tiyi poyamba mbali yachiwiri, ndipo pamene ndinkathira mkaka singano inali itafika kale kumapeto.

Sindinganene kuti chilibe chilema. Pakati pake pali nyimbo zitatu kapena zinayi zofanana kwambiri moti mpaka lero ndimachita kuyang'ana pachikuto kuti ndidziwe imene ikuimba, ndipo kwa ine nyimbo zimene anatulutsa mu 2010 pa timalekodi tawo tinayi toyamba zinali ndi moto woposa uwu. Munthu wofuna zachilendo sazipeza muno, chifukwa akuluakuluwa sakubisa kuti akubwerera kumene anachokera. Ngakhale chojambula cha pachikuto ndi cha Raymond Pettibon, yemwe uja anajambula mizere inayi yakuda ya chizindikiro cha Black Flag, ndipo n'chifukwa chake kupindika kwa chikuto choyamba chija kunandiwawa kuposa mmene ndinaonetsera m'sitolomo.

Chimbalechi ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo amene ali ndi makina a malekodi agule lekodi, chifukwa kulira kwa gitala imeneyi kumayenerana nayo. Koma achitulutse m'chikuto ndi kuchiyang'ana pa kuwala asanachoke pa kauntala. Sitoloyo ndikuipatsa nyenyezi imodzi, ndipo imodziyo ndi ya mwini wake amene anavomera kuika chimbale pa makina. Malekodi awiri ena amene ndinali nditaitanitsa kumeneko ndawaletsa, ndipo ndalama yanga anandibwezera Loweruka lapitali.