J'aurais su kapena j'eusse su: muphunzire iti?

Chifalansa chili ndi njira ziwiri zonenera chinthu chimene chikanachitika koma sichinachitike, ngati "ndikanapita". Zonse zimatchedwa conditionnel passé, ndipo zimamangidwa ndi mneni wothandizira avoir kapena être limodzi ndi participe passé (mawu ngati parlé kapena venu).

Yoyamba imatenga avoir kapena être wa mu conditionnel présent: j'aurais parlé, elle serait venue. Yachiwiri imatenga wa mu subjonctif imparfait: j'eusse parlé, elle fût venue.

Kuphweka: yoyamba simutuluka nayo thukuta ngati aurais ndi serais mumawadziwa kale. Yachiwiri imafuna kuloweza eusse, eusses, eût, eussions, komanso osaiwala kachipewa ka pa û. Mukakasiya, il eût parlé amasanduka il eut parlé, yomwe ndi nthawi inanso, passé antérieur.

Kumene mungaipeze: yoyamba mumsewu ku Paris, Kinshasa ndi Dakar, m'nyuzipepala, m'makalata. Yachiwiri pafupifupi m'mabuku akale okha.

Pa mawu a Chifalansa akuti si m'pamene ophunzira ambiri amagwa. Yoyamba siloledwa pambuyo pa si wa "chikhala kuti". Mumati si j'avais su, je serais venu, osati si j'aurais su. Yachiwiri imakhala mbali zonse ziwiri: s'il eût su, il fût venu.

Wokonzekera mayeso a Chifalansa otchedwa DELF kapena wofuna kucheza ndi anthu, alimbikire yoyamba mpaka izituluka yokha pakamwa. Wowerenga mabuku akale aidziwe yachiwiri kuti aziizindikira akakumana nayo, koma ine sindingamulangize kuiyankhula.