Mgaiwa wa kuseri kwa depoti ya Kasungu

Kuyambira pomwe adokotala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, kudya m'tauni kwakhala kondivuta. Paliponse ndi tchipisi chonona mafuta ndi ndiwo zowawa mchere. Koma kamalo kodyera ka mayi ena kuseri kwa depoti kandithandiza zedi. Amaphika nsima ya mgaiwa, nyemba zofewa bwino ndi nkhwani wotendera, nsinjiro zake zonunkhira kuti ndi mtedza watsopano. Mchere amangowaza pang'ono, wofuna wambiri amadzithirira yekha. Paja bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku.

Chondidandaulitsa n'chakuti ukafika itadutsa 1 koloko, mgaiwa umakhala utatha, yatsala ya ufa woyera. Ndinawapempha kuti, "Mayi, muzindisungirako mitanda iwiri." Mpaka lero amandisungira.