Git Flow kapena GitHub Flow: yoyenera anthu atatu ndi iti?

Tinene kuti mulipo atatu, wina ku Ulónguè, wina ku Moatize, wina mumzinda wa Tete, ndipo mukulemba pulogalamu ya pafoni yoti magulu a alimi a mbatatesi ku Angónia azilembamo ngongole za feteleza. Nthambi za Git (chida chosunga code ndi mbiri ya kusintha kwake; nthambi ndi kope la code loti munthu agwirirepo padera) muzisanja bwanji?

Git Flow, imene Vincent Driessen anafotokoza mu 2010, ili ndi nthambi ziwiri zokhazikika, master (ya code yotulutsidwa kale) ndi develop (ya code yomwe ikukonzedwa), kuwonjezera za feature (chinthu chatsopano), release (kukonzekera kutulutsa) ndi hotfix (kukonza vuto mwachangu). Dongosolo lilipo, sitikana. Koma kwa anthu olemba code madzulo ataweruka, ndi mtolo wolemera. Mukakonza vuto pa hotfix, muyenera kuchita merge (kuphatikiza nthambi) kawiri, ku master ndi ku develop; kuiwala kumodzi, vutolo litulukiranso mu version yotsatira. Mwini wakeyo mu 2020 analangiza kuti a mapulogalamu a pa intaneti osinthidwa pafupipafupi atenge njira yopepuka ngati GitHub Flow.

GitHub Flow ili ndi nthambi yokhazikika imodzi basi, main (dzina lina la master). Watsegula kanthambi, walemba, watumiza pull request (pempho loti ntchito yako ilowe mu main), anzako aona, yalowa. Wobwera kumene kudzathandiza sasochera.

Pofooka pake ndi apa: imayenda bwino ngati aliyense ali ndi version yatsopano. Kwathu kuno si choncho ayi. APK, fayilo yoikira pulogalamu pafoni ya Android, imadutsa pa Bluetooth foni ndi foni, ndipo mlembi wa gulu ku Tsangano angakhale ndi version 1.2.0 dzinja lonse, poti megas ake sangathere pa update. Inu mwafika pa 1.4, mwasintha kasungidwe ka deta, kenako mwapeza kuti 1.2.0 ikulakwitsa chiwongoladzanja. Kumuuza asamuke pakati pa nyengo n'kumuika pa mavuto.

Ine ndimasankha GitHub Flow, n'kubwereka kanthu kamodzi kokha kwa inzakeyo. Version iliyonse yotuluka ilandire tag (chizindikiro cha nambala yake) pa main. Yakale ikafuna kukonzedwa, pamenepo ndiye tsegulani nthambi ya release/1.2 kuchokera pa tag v1.2.0, chitani cherry-pick (kutenga kukonza kumodziko kokha kuchokera pa main), tulutsani v1.2.1. Develop isiyeni.

Za manambala a version, njira ya SemVer ya Tom Preston-Werner imati nambala yoyamba ikwere mukathyola zakale, yachiwiri mukawonjezera chatsopano, yachitatu mukangokonza. Njira ina, CalVer, imatchula nthawi, monga Ubuntu 24.04 ya Epulo 2024. Mlimi angamve msanga ya chaka ndi mwezi, komabe SemVer ndiyo imakuuzani ngati mafoni awiri angapatsane deta, bola muziitsatira moona mtima.

Dziwaninso kuti git push (lamulo lotumizira anzanu code) payokha situmiza ma tag. Lembani git push origin v1.2.1, apo ayi mnzanu wa ku Moatize saiona.