Kabokosi kotchipa ka Kodi, Fire TV Stick kapena Raspberry Pi: tigule chiti?

Loweruka lina alamu anga anandiitana kuti ndikaone chimene anagula m'tauni. Kanali kabokosi kakuda kokwana m'manja, rimoti yake yopepuka ngati chidole cha mwana. Pakatoni panalembedwa 6K ndi manambala ena akuluakulu. Wogulitsa anawauza kuti akangokalumikiza ku Wi-Fi zatheka: mpira wonse wa ku England, mafilimu ongotuluka kumene, matchanelo osawerengeka, ndipo za kulipira mwezi ndi mwezi aiwale. Mpira tinaoneradi tsiku limenelo, ngakhale chithunzi chinkangoima, moti chigoli tinayamba kuchimvera kwa aneba a dikoda, kwathu mpira udakali pakati pa bwalo.

Ndikutsanzika ndinagwira adaputala yake. Inali yotentha moti sukanaifumbata nthawi yaitali. Pulagi yake inali ya mano awiri, ndipo alamu anaikakamiza m'soketi ya mano atatu potsegula bowo lapamwamba ndi kamtengo ka machesi. Patangotha sabata anandiimbira kuti bandulo ya mwezi wonse yatha. Tinachotsa mafoni onse pa rauta n'kusiya kabokosiko kokha, TV ili chizimire. Data inkapitabe.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyerekeza njira zimene munthu wofuna Kodi angasankhe, chifukwa ambiri tikugula zinthuzi m'chimbulimbuli.

Tiyambe ndi Kodi yeniyeniyo, imene dzina lake likufanana ndi mawu athu ofunsira funso. Ndi pulogalamu yaulere yoonerera kanema ndi kumvera nyimbo. Inayambira pa makina a masewero a Xbox, n'chifukwa chake kale inkatchedwa XBMC, mpaka mu 2014 pamene inasintha dzina. Mukaiika pa chipangizo imabwera yopanda filimu ngakhale imodzi. Ntchito yake ndi kusanja ndi kusewera zimene muli nazo kale pa fulashi kapena pa hard drive. Palibe lamulo limene mumaswa poiika. Milandu imayambira pa ma add-on, timapulogalamu towonjezera. Tina n'tovomerezeka ndipo timapezeka m'nkhokwe ya Kodi momwemo. Tina timapangidwa ndi anthu obisala, ndipo ntchito yake ndi kukatenga mafilimu ndi mpira kumene zabedwa. Wogulitsa akati kabokosi kake ndi "fully loaded" amatanthauza kuti waikamo kale timeneti. Eni ake a Kodi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti amalonda oterewa akuwaipitsira dzina.

Kabokosi kopanda dzina

Ubwino wake ndi umodzi ndipo sindiunyoza: mtengo. Munthu amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, n'kumva kuti pali njira yoonera Premier League osalipira SuperSport, sungamuuze kuti ndi wadyera. Amangofuna kuonera timu yake ngati wina aliyense. Koma aja anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere ankanena zinthu ngati izi.

Nyerere zoyamba ndi zimene zinadya bandulo ya alamu anga. Mu Januwale 2023 katswiri wina wa makompyuta ku Canada anaulula kuti kabokosi ka T95, kamene anagula pa Amazon, kanabwera kale ndi pulogalamu yoipa, iye asanaikemo chilichonse. Chaka chomwecho kampani yofufuza za chitetezo ya HUMAN Security inaonetsa kuti vutoli ndi lalikulu, n'kulitcha BADBOX. Mu Seputembala 2024 kampani ina ya chitetezo cha makompyuta, Doctor Web, inapeza pulogalamu ina yoipa yotchedwa Vo1d m'timabokosi pafupifupi 1.3 miliyoni m'maiko 197. Mu Disembala chaka chomwecho nthambi ya boma la Germany yoona za chitetezo cha makompyuta, BSI, inadula kulumikizana kwa zipangizo pafupifupi 30,000 zogwidwa ndi BADBOX. Mu Juni 2025 a FBI anachenjeza anthu za BADBOX 2.0, ndipo mwezi wotsatira Google inakasuma kukhoti ku New York, n'kunena kuti zipangizo zogwidwa zapitirira 10 miliyoni.

Kodi pulogalamu yoipayi imachita chiyani m'nyumba mwanu? Imatsegula masamba a intaneti mobisa n'kumadina zotsatsa malonda kuti eni ake azilandira ndalama. Choopsa kwambiri n'chakuti imabwereketsa intaneti yanu kwa anthu ena. Tsizinamtole ali kutsidya kwa nyanja amadutsira pa rauta yanu pokachita zake, ndipo wofufuza akalondola mapazi amafika pakhomo panu. Zili ngati kulandira mlendo amene usiku amadzuka n'kutsegulira akuba chitseko chakuseri. Kumbukiraninso kuti pa Wi-Fi yomweyo pali foni imene mumatumizira ndalama, ndi laputopu ya kuntchito.

Ambiri amati, "Ndingopanga factory reset." Sizithandiza. Choipacho chili m'kati mwa firmware, pulogalamu yoyendetsa kabokosiko imene kanabwera nayo kuchokera kufakitale, ndiye mukafufuta zonse chimadzukanso. Ena amadalira VPN. VPN imabisa kumene mukuonera, koma siichotsa chimene chili kale m'kati, ndiponso siisandutsa chakuba kukhala chogula.

Nyerere zachiwiri ndi moto. Mu 2017 bungwe la Electrical Safety First ku Britain, mogwirizana ndi FACT, bungwe lolimbana ndi kuba mafilimu ndi za pa TV, linayesa mitundu 9 ya zipangizo zoterezi, ndipo yonse inalephera malamulo a chitetezo cha magetsi. Izi zimatikhudza mwachindunji, chifukwa soketi zathu ku Malawi ndi ku Zambia n'zofanana ndi za ku Britain, za mano atatu, ndipo pulagi yabwino imakhala ndi fyuzi. Onjezani kuti kwathu magetsi amazima n'kubweranso mwadzidzidzi, nthawi zina pakati pa usiku, kabokosi kali pambuyo pa TV pafupi ndi katani, ana ali mtulo. Ine pamenepa m'pamene mtima umandigunda kwambiri, kuposa za apolisi.

Palinso chinyengo chaching'ono chimene chimakwiyitsa. Manambala a pakatoni kawirikawiri ndi abodza. Android yakale imavekedwa dzina la yatsopano, memory imaoneka yochuluka kuposa imene ilipo. Ndipo ngati mumalipira Netflix mwachilungamo, pakabokosi kotere chithunzi chimabwera chosaoneka bwino, chifukwa kalibe chilolezo cha Widevine L1 ndi chivomerezo cha Netflix zimene zimafunika kuti HD itseguke. Kabokosi kolembedwa 6K n'kumakupatsani 480p.

Nanga lamulo likuti chiyani?

Kale anthu ankati kuonera chabe si mlandu bola osadawunilodi. Khoti lalikulu la European Union linathetsa nkhani imeneyo pa 26 Epulo 2017 pa mlandu wa Filmspeler wochokera ku Netherlands. Linagamula kuti kugulitsa kabokosi koikidwa kale ma add-on a zinthu zakuba ndi kuphwanya ufulu wa eni ake, komanso kuti woonera amene akudziwa kuti gwerolo ndi lakuba sangabisale kumbuyo kwa mawu akuti "sindinasunge". Ku Britain chaka chomwecho lamulo la Digital Economy Act linakweza chilango chachikulu cha kuba kotere pa intaneti kuchoka pa zaka 2 kufika pa zaka 10, ndipo Premier League inapeza chilolezo cha khoti chotseka ma server oulutsa mpira masewero ali m'kati. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chithunzi chimafera pamene mpira wafika pokoma.

Amene amalawa ndende kwambiri ndi ogulitsa. Mu Meyi 2023 amuna asanu a ku Britain oyendetsa Flawless TV, imene inkaulutsa mpira wakuba pa intaneti, analamulidwa kukhala m'ndende zaka zoposa 30 tikaphatikiza onse, mtsogoleri wawo yekha zaka 11. Anali atapeza ndalama zoposa mapaundi 7 miliyoni. Mu Novembala 2024 bambo wina wa ku Liverpool anapatsidwa zaka 3 ndi miyezi 4 chifukwa chogulitsa ma Fire Stick osinthidwa. Ogula nthawi zambiri amalandira makalata ochenjeza kapena kugogoderedwa pakhomo, chifukwa apolisi akagwira wogulitsa amapezanso mndandanda wa makasitomala ake. Abale athu amene muli ku Britain ndi mapepala a ntchito kapena a sukulu, ganizirani bwino pamenepa. Mlandu umene kwa mwini dziko ndi wa chindapusa, kwa inu ukhoza kudzatulukira pa nthawi yowonjezera viza.

Ku South Africa nako a MultiChoice akhala akugwira ntchito ndi apolisi, ndipo mu 2024 anthu anamangidwa chifukwa cha Waka TV, youlutsa matchanelo akuba pa intaneti. Ku Malawi tili ndi Copyright Act ya 2016 ndi bungwe la COSOMA, ndipo lamuloli limateteza nyimbo, mafilimu ndi zoulutsidwa pa kanema. Amene ali pangozi kwambiri kwathu ndi wogulitsa timabokosi todzaza kale, komanso mwini vidiyo sho kapena bala amene amalipiritsa anthu pakhomo kuti aonere mpira wochokera pakabokosi kotere. Ameneyo sakuonera kuchipinda kwake. Akuchita malonda poyera.

Chipangizo cha kampani yodziwika

Apa ndikunena za Chromecast with Google TV, Google TV Streamer, Xiaomi TV Box S, Nvidia Shield ndi Fire TV Stick ya Amazon. Mtengo ndi wokwera, makamaka Shield. Koma mumadziwa amene anapanga, zigamba za chitetezo zimabwera, chaja chake chinayesedwa, ndipo Netflix ndi YouTube zimaoneka bwino monga ziyenera kukhalira. Pa zipangizo za Google TV, Kodi mumaitenga mu Play Store mwachindunji, yoyera, yopanda chilichonse chobisika.

Fire TV Stick ili ndi kamvuto kake. Amazon inachotsa Kodi m'sitolo yake mu 2015, ndiye muyenera kuiika modutsira kumbali, ndipo mtundu watsopano wa 4K Select umene unatuluka mu 2025 sugwiritsanso ntchito Android, moti njira imeneyo ndi yotsekeka. Chenjeraninso ndi Fire Stick imene munthu akugulitsa pa Facebook kapena pa WhatsApp n'kumati waikamo kale zonse. Chitsulocho ndi cha Amazon, inde, koma zimene zili m'kati mwake waika ndi munthu amene simukumudziwa, ndipo pa nkhani ya lamulo sichisiyana ndi kabokosi ka alamu anga.

Njira yosavuta yodziwira ngati chipangizo cha Android chili chovomerezeka: tsegulani Play Store, pitani pa Settings, kenako About, muone pamene palembedwa Play Protect certification. Pakanena kuti sichinavomerezedwe, kapena wogulitsa akakuuzani kuti muzimitse Play Protect kuti mapulogalamu ake ayende, bwezani ndalama yanu m'thumba.

Chimene chipangizo chabwino sichingakupatseni ndi mpira waulere. Izi ndinene mosabisa. Kugula Chromecast n'kuikamo add-on yakuba kumachepetsa ngozi ya moto ndi ya firmware yoipa, koma mlandu wa umwini uli pomwepo, ndipo ma add-on enieniwo akhalapo ndi zoipa zawo. Mu 2018 a ESET, kampani ya chitetezo cha makompyuta, anapeza ena amene ankagwiritsa ntchito makompyuta a anthu kukumba ndalama za crypto mobisa.

Raspberry Pi kapena laputopu yakale

Iyi ndi njira imene ine ndimaikonda, ngakhale si ya aliyense. Raspberry Pi ndi kakompyuta kakang'ono kopangidwa ndi kampani ya ku Cambridge. Mumaika LibreELEC pa memory card, ndipo kakayaka kamalowa mu Kodi basi, mulibenso china. Mukalumikiza hard drive yokhala ndi mavidiyo a ukwati, a chinkhoswe, a kwaya ya kutchalitchi, nyimbo zimene munagula, zonse zimasanjika bwino, ndipo intaneti siifunika n'komwe. Kwa ife amene data imatidyera ndalama, limeneli ndi phindu lalikulu. Laputopu yakale yosweka sikirini nayonso imagwira ntchito yomweyo mukailumikiza ku TV ndi chingwe cha HDMI. Kuipa kwake n'kwakuti pamafunika munthu woleza mtima poika, chaja ndi kabokosi kosungiramo mumagula padera, ndipo Netflix imavuta.

Amene munagula kale kabokosi kotchipa musafulumire kutaya. Ngati kali ndi chip ya Amlogic, pali CoreELEC, yofanana ndi LibreELEC, imene imayaka kuchokera pa memory card osadzutsa Android yokayikitsa ija. Ngati sizitheka, kachotseni pa Wi-Fi kuti kazingosewera za pa fulashi. Mulimonsemo sinthani adaputala, mugule yabwino ya mphamvu yofanana ndi yolembedwa pansi pa kabokosiko.

Za mpira, tiwerengere limodzi. Kanema wa HD pa intaneti akhoza kudya mpaka 3GB pa ola. Gemu imodzi pamodzi ndi nthawi yopumulira imatenga pafupifupi maola awiri. Mukaonera magemu awiri pa sabata kwa mwezi wonse, muone ndalama imene mwapereka ku bandulo, kenako muiyerekeze ndi phukusi la GOtv, DStv kapena Azam TV limene lili ndi ligi imene mumaifuna. Dikoda siidya data. Kwa amene ali ndi intaneti yopanda malire masamu amasintha, koma kwa ambiri a ife ogula mabandulo, "chaulere" chija chimakhala chitalipiridwa kale ku kampani ya foni.

Alamu anga kabokosi kawo kanapezeka kuti kali ndi chip ya Allwinner, osati ya Amlogic, ndiye CoreELEC sinatheke. Tinakachotsa pa rauta, tinasintha pasiwedi ya Wi-Fi ndi ya imelo imene analowetsamo, adaputala ija tinaitaya. Panopa ana amaonerapo makatuni a pa fulashi masana, ndipo usiku mlongo wanga amazula pulagi asanakagone.