Ndemanga: galaja ya pa Dedza boma yomwe inapima HiAce yothiridwa oyilo wambiri

Galaja iyi, yomwe ili chapafupi ndi msewu wa M1, tikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5, makamaka chifukwa sathamangira kumasula injini. Galimoto yake inali Toyota HiAce ya dizilo, injini ya 2KD, yomwe pa sevisi kwina inathiridwa oyilo wopitirira mzere wapamwamba ndi malita pafupifupi awiri. Inayamba kufuka utsi wabuluu, mphamvu n'kuchepa pachitunda. Amakaniko ambiri akangoona utsi wotere amagamuliratu kuti injini yanoka, n'kukutumani ma ring ndi ma bearing. Awa anayamba ndi kupima.

Anaimika galimoto pamalo osatsetsereka, n'kudikira mphindi 10 kuti oyilo yense atsikire m'sampu, beseni la pansi pa injini, asanasolole dipstick, kandodo kopimira mlingo wa oyilo. Kuno ku Dedza zimenezi n'zofunika, poti mabwalo ambiri ndi otsetsereka ndipo dipstick imanama galimoto ikapendekeka. N'kutheka ndithu kuti vutoli linayambira pomwepo. Oyilo amene anakhetsa anamununkhiza kaye, chifukwa injector (chopopera dizilo mu silinda) yodontha imalowetsa dizilo m'sampu, mlingo n'kukwera wokha popanda wothira. Fungo la dizilo panalibe.

Oyilo akachuluka, crankshaft, chitsulo chozungulira cha pansi pa injini, imamupukusa ngati therere mpaka achite thovu. Pampu ikamakoka thovulo presha imatsika, ndipo ma bearing amayenda mouma. Oyilo wina amakankhidwira m'paipi ya breather, yopumira injini, n'kukalowa mu turbo, yomwe imakankhira mpweya mu injini, ndi intercooler, yomwe imaziziritsa mpweyawo. Apa ndi pamene amakanikowa anaonetsa kuti ntchito amaidziwa. Atachotsa paipi yapansi ya intercooler, oyilo wakuda anachucha n'kudzaza theka la chigubu chaching'ono chodulidwa. Anakana kuliza injini mpaka intercooler ndi mapaipi ake atatsukidwa n'kuuma bwinobwino. Injini ya dizilo imatha kuyaka ndi oyilo wake womwe. Ikatero imathamanga yokha mopenga, ndipo ngakhale muzule kiyi siizima. Chotsala n'kuponda buleki mwamphamvu, kulowetsa giya yapamwamba n'kusiya kilachi kuti izime, kapena kutseka polowera mpweya ndi chinthu cholimba, osati dzanja.

Turbo anaigwedeza shaft ndi zala. Kusewera pang'ono cham'mbali kumakhalapo ndithu, koma fani isamakhule khoma, ndipo shaft isamayende kutsogolo ndi kumbuyo. Inali bwino.

Compression, kutanthauza mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, anapimira pamabowo a ma glow plug (otenthetsa masilinda poliza), injini ili yotentha. Chomwe amafuna kudziwa n'chakuti conrod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft, inapindika kapena ayi, popeza oyilo akalowa wambiri pamwamba pa pisitoni sapanikizika ngati mpweya, ndiye chitsulo ndicho chimagonja. Silinda yopindika conrod imawerenga motsika kuposa zinzake. Kusiyana kwa presha ya masilinda kusapitirire 5 bar, ndipo onse anayi anali pafupipafupi. Kenako anamasula sensa ya presha ya oyilo n'kumangapo geji, osadalira kanyali kofiira ka pa dashboard, komwe kamayaka zinthu zitaipa kale. Fyuluta yakale ya oyilo anaidula n'kutambasula pepala lake padzuwa kufunafuna tizitsulo tonyezimira. Munalibe.

Chomwe chinaonongeka ndi oil seal yakumbuyo kwa crankshaft. Oyilo anali atayamba kudontha pakati pa injini ndi gearbox, ndipo anali atanyowetsa clutch plate. Zonse ziwiri anasintha, ndipo plate yonyowayo anaionetsa m'malo mongonena pakamwa. Plate yotere osavomera kuti ingotsukidwa ndi petulo. Idzayambanso kutsetsereka galimoto itasenza mbatata ya kachewere pachitunda cha ku Bembeke.

Nyenyezi imodzi yachoka pa zinthu ziwiri. Manambala a compression ndi presha sanalembe paliponse mpaka titachita kupempha, pomwe pepala limenelo ndi umboni tsiku logulitsa galimoto. Komanso masipeya sasunga. Seal inachita kuitanitsidwa ku Lilongwe, galimoto n'kugona pagalaja. Ngati van yanu ndi yageni, funsani zimenezi musanaisiye.

Utsi sunathe tsiku lomwelo, ndipo anachenjezeratu: oyilo wotsalira mu ekizozi amapsa pang'onopang'ono. M'mamawa wozizira wa kuno, nthunzi yoyera imene imatha injini ikatentha isakudetseni nkhawa. Utsi wabuluu ukapitirira pakatha sabata, turbo ipimidwenso.