Batire la lithium pa kutentha kwa ku Ngabu, kodi ndi loyenera mtengo wake?

Ndiyankhiretu amene mwakhala mukundifunsa ngati batire loyera la lithium lija ndinaika pa sola ya pa shopu ndi labwino: eya ndi labwino, ndipo kwa ife a kuchigwa kuno ndi labwino kuposa momwe lingakhalire kwa munthu wa ku Dedza kapena ku Mzimba. Koma lili ndi timakhalidwe take tina tonyansa timene wogulitsa sakuuzani, nde werengani kaye musanakagulitse mbuzi.

Limene ndikunena pano ndi la 12 volts, 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga), lolembedwa LiFePO4 pambali. Dzina la kampani sinditchula chifukwa mabatire amenewa akubwera ndi maina ambirimbiri koma zamkati ndi zimodzimodzi, chofunika ndi zilembo zimenezo. Li ndi lithium, Fe ndi chitsulo, PO4 ndi phosphate, yomweyi timaidziwa mu feteleza. Ntchito yake pano ndi kutchaja mafoni, mababu, shaver ya mnyamata wometa pakhonde, ndi kafiriji ka mafilizesi ndi madzi ozizira, komwe mu Okutobala ndi komwe kamatidyetsa.

Kuti mumvetse chifukwa chomwe ndinasiyira mabatire akale aja muyenera kudziwa zomwe zimachitika mkati mwake. Batire la asidi ndi nzeru yakale kwambiri, anaitulukira ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mpaka lero ndi mapuleti a mtovu oviikidwa mu asidi basi. Mukamagwiritsa ntchito moto pamapuleti paja pamamera zoyera zotchedwa lead sulphate, mukatchaja zimasungunuka kubwerera mwakale, koma mukalisiya lakufa kapena losadzadza kwa masiku zoyerazo zimauma gwa osasungunukanso, nde paja mumaona batire likudzadza msanga dzuwa likangotuluka koma ikamati 8 koloko usiku lazima kale. Ndiye onjezani kutentha. Mabatire amenewa amawayezera pa 25 digiri, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 moyo wake umadulidwa pakati. Tsono ganizani Ngabu, Nchalo, Bangula mu Okutobala ndi Novembala pomwe 40 timaidutsa, mkati mwa shopu ya malata yopanda siling'i. Madzi amkati amauma msanga, ndipo apa mpomwe anzanga ambiri amaliphera, amangotunga madzi a pamjigo nkuthira. Abale, mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, ngakhale tiyi amakana, ndiye muthire mu batire? Mcherewo umadya mapuleti. Thirani madzi a batire enieni ogula, kapena musathire kanthu.

La lithium lilibe zothira. Ndi lomata, mkati muli maselo anayi a 3.2 volts lililonse ndiye pamodzi 12.8, ndipo lithiumyo imangoyenda kuchoka mbali ya phosphate kupita mbali ya graphite (chakuda chija cholembera cha mu pensulo) mukamatchaja, nkubwerera mukamayatsa zinthu, palibe chomera kapena chouma. Kupepuka kwake ndiye kosangalatsa, makilo 12 kapena 13 pomwe la asidi la 100Ah limafika 25 mpaka 30, ndinalinyamula ndekha kutsika minibasi popanda kuitana wa kabaza. Chinanso, la asidi amati musalimwe kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, pomwe ili mutha kulimwa mpaka 80 kapena 90 peresenti tsiku ndi tsiku, ndiye 100Ah yake ikugwira ntchito pafupifupi ya awiri akale aja. Firiji imafika mbandakucha ikulira, chinthu chomwe kale chinali maloto.

Mantha anga oyamba anali moto, chifukwa tonse tinaonapo batire la foni litatupa. Koma si mtundu umodzi. A m'mafoni ambiri muli cobalt, wambiri mwa iye amakumbidwa ku DR Congo, ndipo akatentha kwambiri amatulutsa mpweya wa oxygen womwe umakolezera moto. Mu LiFePO4 oxygenyo wagwiridwa zolimba ndi phosphorus ndiye satuluka wamba, nchifukwa chake mtundu uwu suyaka chisawawa. Anautulukira ndi gulu la John Goodenough ku University of Texas, analengeza mu 1997, ndipo agogo amenewa anadzalandira Nobel ya chemistry mu 2019 ali ndi zaka 97, limodzi ndi Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino. Zaka 97 aise, ife 45 yomweyi msana tikudandaula.

Tsopano zonyansa zija. Choyamba, silichenjeza. La asidi limafooka pang'onopang'ono, mababu amayamba kufiira mumadziwa kuti nthawi yatha, koma ili volteji yake imakhala pamodzimodzi pafupifupi ulendo wonse kenako phwii mdima, kasitomala ali pampando mutu wametedwa mbali imodzi. Chimene chimadula ndi kabodi kamkati kotchedwa BMS komwe kamateteza maselo kuti asamwedwe mopyola, asadzadze mopyola, asatenthe mopyola. Ndi kothandiza koma kakadula kamagona tulo, ndipo makontrola (timabokosi tija tokhala pakati pa panelo ndi batire toyendetsa katchajidwe) ena otchipa akaona kuti batire likuonetsa ziro amakana kuyamba kutchaja ngakhale dzuwa liswe mtengo, mpaka mupeze wina wolidzutsa ndi tchaja ina. Magetsi atatu aja a pa kontrola osonyeza kudzadza musawakhulupirire konse, amanama chifukwa anapangidwira la asidi.

Chachiwiri ndi chomwecho cha kontrola, ngati yanu ilibe setting ya lithium muyenera kugula ina, ndipo wogulitsa amene ndinagulako ku Limbe za izi anangoti zii, anangoti "bwana mungolumikiza basi". Firijinso ikamalira koyamba imakoka moto wambiri kwa kamphindi, BMS yaing'ono imadzidzimuka nkudula, ndiye funsani ma amps a BMS musanalipire, 100A ndiye yabwino. Ndipo musapusitsike, nalonso silikonda kutentha, limangopirira kuposa linzake. Mapepala a ambiri amati musalitchaje likapitirira 45 digiri, ndiye musaliike pansi pa malata penipeni kapena mu kabati yotseka. Langa lili pansi pakona ya kummwera pomwe pamadutsa mphepo, pa njerwa ziwiri zosanjikiza kuopa madzi, paja kuno mvula ikalusa kumtunda madzi amatipeza m'nyumba ngakhale kuno kusanagwe dontho.

Mtengo ndiye ukuwawa, osabisa. Ndalama yake mutha kugula a asidi awiri kapena atatu. Opanga amalemba kuti limatchajidwa kambirimbiri, masauzande, pomwe la asidi ndi mahandiredi ochepa, ndipo kuno komwe la asidi limafa lisanakwanitse nkomwe zaka zake masamuwo amakomera lithium. Koma chenjerani ndi otchipa modabwitsa, ena amaika maselo akale kapena ang'onoang'ono mu bokosi lalikulu nkulemba 200Ah. Linyamuleni, ngati likupepuka ngati mulibe kanthu ndiye kuti mulibedi. Funsaninso waranti yolembedwa papepala osati yapakamwa.

Kwa amene mukuti zimenezi ndi zoseweretsa, ku Golomoti ku Dedza kuli sola ya 20 megawatts yomwe ili ndi mabatire a lithium osungira moto, ndipo tonse tikukumbuka momwe namondwe Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira konkuno ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yoposa chaka. Kuyambira pomwepo sola kuno siyamanyado ayi. Chondiwawa nchakuti graphite yemwe ali mkati mwa batireli ali mbwee pansi pa nthaka ku Kasiya ndi ku Malingunde ku Lilongwe, koma adzatuluka ngati dothi nkubwerera ngati batire la mtengo wa ng'ombe.

Ena akuti tidikire zatsopano. Zoona akatswiri sakugona, kampani ya CATL ya ku China inaonetsa batire la sodium mu 2021, sodium yemweyu wa mu mchere, wosavuta kupeza kusiyana ndi lithium ngakhale pakadali pano amasunga moto wochepa pa kilo. Likadzafika kuno mwina mijigo yathu ija idzapeza ntchito. Ena akuthira manganese mu LiFePO4 kuti volteji ikwere, ena akuyesa kuchotsa zamadzimadzi zonse mkati kuti likhale louma. Mbali ya mapanelo kuli perovskite, chopangira mapanelo chatsopano, yomwe akaiyala pamwamba pa silicon wa mapanelo wamba mu labu yadutsa 33 peresenti ya dzuwa losanduka magetsi, pomwe mapanelo athuwa amazungulira cha m'ma 20, koma vuto lake lalikulu mpaka pano ndi loti imaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, zinthu ziwiri zomwe kuchigwa kuno tili nazo zotaya. Ndiye ine sindingauze munthu wa bizinesi kuti adikire, mafilizesi akusungunuka lero.

Ngati sola yanu ndi ya mababu awiri ndi wailesi, khalani ndi la asidi, mulisamale, musawononge ndalama. Ngati muli ndi firiji, shaver, video show kapena mumatchajitsa mafoni, gulani la lithium pamodzi ndi kontrola yake tsiku lomwelo. Ndipo akale aja musawasiye kuseri kwa nyumba ana azisewera nawo, ndaonapo anyamata akuwaswa nkusungunula mtovu pa mbaula kuti apange zolemetsera maukonde, utsi umenewo ndi poizoni ndipo umaononga ubongo wa mwana osabwereranso. Kagulitseni athunthu kwa ogula mabatire akufa, asidi ali momwemo.