Seramu ya copper peptide itatha miyezi isanu ndi umodzi

Botolo la 30 ml la seramu yopaka kunkhope, yokhala ndi 1% ya copper peptide, latha titagwiritsa ntchito madontho atatu kapena anayi usiku uliwonse. Dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 ml, choncho botolo lomwe latha m'miyezi iwiri ndiye kuti mwiniwake akupaka mopyola muyeso.

Chomwe chimapangitsa madziwo kukhala abuluu ndi GHK-Cu, yomwe pabotolo amalemba kuti Copper Tripeptide-1. Ndi peptide, kutanthauza kagulu ka ma amino acid (tizigawo tomanga mapuloteni) atatu, glycine, histidine ndi lysine, ogwirana ndi kopa. Loren Pickart ndiye adapeza GHK m'magazi a munthu mu 1973. Kopayo ndi wofunika chifukwa lysyl oxidase, enzaimu ya m'thupi yomwe imalukanitsa mapuloteni a collagen ndi elastin kuti khungu lilimbe, sigwira ntchito popanda iye.

Mwezi woyamba palibe chooneka kupatula kufewa, ndipo kufewako kumachokera kwambiri ku glycerin ndi hyaluronic acid zomwe amasakanizamo. Cha m'mwezi wachitatu khungu lidasalala, kuyabwa ndi kusupuka kobwera ndi retinol, mankhwala a vitamini A ochepetsa makwinya omwe timapakanso, kudachepa, timizere ta m'mbali mwa maso tidayamba kubisika. Makwinya akuya sadasunthe. Mawanga akuda otsalira pa ziphuphu nawonso adakhala momwemo. Mawangawa amafuna mankhwala opaka a azelaic acid kapena niacinamide, komanso mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa apo tsiku lililonse, ngakhale khungu likhale lakuda bwanji.

Ena amene amati seramuyi ndi yachabechabe amaiwononga okha. Akaipaka pamodzi ndi vitamini C wa L-ascorbic acid, kopa amafulumizitsa kuwonongeka kwa vitaminiyo, asidiyo nayenso n'kulekanitsa kopa ndi peptide, ndalama zonse ziwiri n'kulowa m'madzi. Glycolic acid ndi salicylic acid, ma asidi osupula khungu, nawonso angathe kulekanitsa kopa ndi peptide. Pakani vitamini C m'mawa, copper peptide usiku, nkhope itatsukidwa ndi kuuma, mafuta ofewetsa khungu abwere pambuyo. Botolo lisakhale pawindo kapena m'galimoto. Buluu uja akayamba kufwifwa kapena kusanduka wobiriwira, tayani.

Chomwe chikutidetsa nkhawa n'chakuti ena akuithira pa mabala. Ndi zoona kuti gulu la Maquart ku Reims, France, lidaonetsa mu 1988 kuti GHK-Cu imachulukitsa collagen m'maselo olimidwa mu labotale. Koma pa anthu nkhani yake ndi ina: kafukufuku wa mu 1992 pa zilonda za m'miyendo zobwera ndi vuto la mitsempha adapeza kuti kirimu wa mabala wa silver sulfadiazine amachepetsa chilonda kuposa kirimu wa copper peptide. Seramu ya m'sitolo sidakonzedwe kuti ilowe pa bala lotseguka, ndipo chilonda cha munthu wa matenda a shuga chimafunika chipatala msanga.

Tigulanso botolo lina, koma loti lizithandizana ndi retinol, osati kumulowa m'malo.